Njuchi Zinatiboolera Zenera

Chaka choyamba pantchito

Selina ndi Paulo, za ubwana wanga musavutike kufunsa. Zambiri zinapsera limodzi ndi nyumba ya agogo anu nthawi ya nkhondo, ndipo zotsalazo n'zakuba mapichesi basi. Ndiyambira pamene Boma linandiveka chovala choyera n'kundiuza kuti tsopano ndine infirimeru, wosamalira odwala. Ndinali ndisanakwanitse zaka makumi awiri, titangobwerako ku Malawi kumene tinathawira. Shikola ya sekundariya ndinaimaliza aphunzitsi akuthokoza Mulungu kuti mliri wachoka. Ndine amene ndinamangirira mbuzi ya akatekisiti kuchingwe cha belu la tchalitchi, belu n'kumalira lokha masana, anthu n'kutaya makasu kuthamangira maliro omwe kunalibe. Anandikwapula, inde, koma mpaka lero ndikakumbuka mmene akatekisiti ankalimbirana chingwe ndi mbuzi yawo yomwe, ndimaseka ndekha m'nyumba. Ndikukuuzani zimenezi kuti mudziwe mtundu wa munthu amene Boma linamutuma kwa odwala. Nthawi imeneyo manja anali ochepa, sankasankha.

Ananditumiza ku chipatala chaching'ono cha kumapiri kuno, ulendo wa theka la tsiku panjinga kuchokera ku Ulongwe. Dzina lake sindilemba, ochidziwa akuchidziwa. Chinali chatsopano, penti ikununkhabe, koma zosowa zinkaposa zopezeka. Majakisoni tinkawiritsa mumphika pamakala, magolovesi tinkachapa n'kuyanika pachingwe ngati zovala za khanda, ndipo choyezera kutentha kwa thupi chinali chimodzi, chomwe a Shefi ankayenda nacho m'thumba la malaya ngati cholembera. A Shefi athuwo, mkulu wa chipatalacho, anali munthu wa kunyanja yamchere, wamtali, waulemu, wosakalipa. Kuzizira kwa kuno kunkawazunza. Ankavala majekete awiri ndi chipewa chaubweya ngakhale masana. Ankaopa zinthu ziwiri: akuluakulu a ku Tete, ndi njuchi. Akuti ali mwana inawaluma imodzi, nkhope n'kufufuma mpaka maso kutsekeka. Anandiuza okha tikumwa tiyi. Munthu ngati ine sumuuza zotere.

Nyumba ya chipatalayo anaijambula anthu a ku Tete, kuchigwa kumene dzuwa limathamangitsa ngakhale abuluzi. Kumeneko mdani ndi kutentha, choncho anajambula nyumba yothawa dzuwa: makoma okhuthala, pansi pa simenti, ndi timazenera ting'onoting'ono pamwamba penipeni pafupi ndi denga, kuti mpweya wotentha uzitulukirapo. Mapulani omwewo anangowanyamula n'kudzawamanga kuno, kumene mu Junyu udzu umadzuka utayera mbuu ngati auwaza mchere. Odwala malungo ndi amayi odzachira sankadandaula kwambiri, poti ankagona masiku ochepa n'kumapita. Vuto linali chipinda chakumapeto, cha anthu a matenda osachoka: amtima, amphumu, ashuga, a tensau yokwera (kuthamanga kwa magazi), amene amakhala milungu ndi miyezi. Munthu akagona pabedi ankaona khoma, akatembenuka ankaonanso khoma. Dzuwa linkalowa kansalu kakang'ono pamwamba, n'kutha lisanatsikire pa munthu. M'makona munkamera nkhungu yakuda. Chitseko chinali chimodzi, ndipo chikatseguka chinkakuonetsa kanjira kopita kunyumba yachisoni. Odwala anachipatsa chipindacho dzina loti Nkhokwe, akuti chifukwa ankangowasungamo ngati chimanga.

Ine, monga wamng'ono pa onse, anandiponyera ku Nkhokweko. Ndinaona mmene chipinda chimadyera munthu pang'onopang'ono mankhwala ali pomwepo. Anthu athu ndi alimi. Munthu wazolowera kuti akadzuka ayang'ane kumapiri, aone ngati mitambo yasonkhana, adziwe zoti achite. Ukamutsekera poti saona kunja, masiku amamusokonekera. Ankagona masana, n'kumadzuka osadziwa ngati kwacha kapena kukuda. Chakudya ankangochigwira n'kuchikankha. Amphumu zifuwa zinkawalira ngati zitoliro chifukwa cha nkhungu ija, ndipo m'mawa wozizira ndikamanga lamba pamkono kuyeza tensau, ndinkachita kubwereza poganiza kuti choyezera chawonongeka. Mvula yoyamba ikangogunda padenga, ena ankatsika pabedi n'kuthawa kukadzala, poti khutu linkawauza kuti anzawo onse ali kumunda, ndipo diso silinkatha kuwatsutsa. Ena mwa othawawo ankabwerera pamachira.

Chaka chachitatu, nyengo yachisanu

Nditakwatira mayi anu, iwe Selina uli wakhanda, m'Nkhokwe munalowa a Ngozo. Anali mdala wa kumbali ya Lifidzi, mlimi wa nyemba, mtima wake utatopa. Miyendo inali itatupa ngati mitondo, ndipo sankatha kugona chagada, tinkawatsamiritsa kukhoma. Koma pakamwa pokha panali pamoyo. Tsiku loyamba ndikuwabaya jakisoni anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Iwe, amako akudziwa kuti uli kuno ukusewera ndi singano za anthu?”

“Akudziwa, bambo. Ndi amene anandiphunzitsa, pa masaka a mbatatesi.”

“Ndamva kabayidwe kake. Dzina?”

“Bentu.”

“Bentu, ukandiboola ndikaphwa, udzakalime nyemba zanga.”

Tinagwirizana kuyambira pomwepo. Akazi awo anamwalirira ku Malawi, kumsasa wa othawa nkhondo. Anabwerera ndi mwana mmodzi, Domingo, amene anawaperekeza kuchipatala n'kunena kuti abweranso Loweruka. Loweruka linadutsa, linanso linadutsa. A Ngozo anayamba kunena kuti Domingo amabwera ndithu, koma mlonda wapachipata amamubweza. Akamva njinga kuseri kwa khoma, poti msewu unkadutsa kumpoto kwa Nkhokwe kuseri kwa khoma lomwe ankatsamiralo, ankatukula chala: “Imeneyo ndi yake. Tcheni chake chimalira choncho.” Ine ndinkadziwa kwa anthu a kwawo kuti Domingo anakwera lole ya mbatatesi kupita kumzinda. Sindinanene. Ndinkangoti, “Mwina, bambo.”

Mwezi wachiwiri pakamwa paja panayamba kuzizira. Anasiya kunditukwana, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kutupa kwa miyendo. Tsiku lina poyala bedi ndinapeza mapiritsi awo atawakulunga m'kansanza pansi pa pilo.

“Bambo, izi n'chiyani?”

“Mbewu. Ndikadzala kwathu.”

“Mukapanda kumwa, madzi akwera mpaka pachifuwa.”

“Akwere. Bentu, ine ndinagonapo m'phanga kuthawa mfuti, koma phangalo linali ndi khomo loyang'ana kumunda. Muno mwandiika m'manda ndisanafe. Mvula ikangogwa ndikupita. Ndikafere panjira, bola ndikuona kumene ndikugwera.”

Ndinadziwa kuti sakuseka. Ndi miyendo imeneyo sakanafika ngakhale pamlatho.

Poyamba ndinachita zinthu mwaulemu, kuti musadzanene kuti bambo anu sanayese. Ndinapita kwa a Shefi ndi kupempha kuti tiboole zenera lalikulu kukhoma lakumpoto, kumene dzuwa la nyengo yachisanu limadzera. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anavula chipewa chawo chaubweya n'kuchiyang'ana m'kati.

“Bentu, ukunena zoona. Inenso muja sindikhalitsamo. Koma khoma si langa. Ndikalembera ku Tete, adzafunsa kuti nyumba yatsopano yalakwa chiyani, ndipo ndani akunena kuti ojambula analakwitsa. Yankho lidzabwera iwe uli ndi imvi.”

“Nanga a Ngozo?”

“Uwalimbikitse kumwa mankhwala.”

Ndinayesanso kagalasi koonera m'mbuyo komwe ndinakachotsa pa lole yopserera pankhondo. Ndinakamangirira pakazenera kapamwamba kuti kazionetsa msewu. Kankangoonetsa mitu ya anthu ndi nthambi imodzi ya bulugama, ndipo odwala anayamba kukanganirana. A Shefi anakachotsa, akuti sikali pa mapulani. Patapita masiku ndinakapeza kubafa kwawo, akumetera ndevu.

Chaka chomwecho, mvula itayandikira

Kutayamba kufunda, mitengo ya mapichesi itachita maluwa, ndinaona njuchi zikuzungulira pa chitini cha zinyalala pomwe wina anataya chikhutu cha nzimbe. Mutu wanga wakale uja, wa mbuzi ndi belu, unadzuka wokha.

Khoma la Nkhokwe linali la mabuloko a simenti obowoka m'kati. Ndinakambirana ndi Zuze, mmisiri womanga amene ankakonza zowonongeka pachipatalapo, munthu wa manja abwino ndi pakhosi pouma nthawi zonse. Tinakazula felemu ya zenera pa kantina ina, sitolo yakale yomwe inagumuka pankhondo, magalasi awiri akadali amoyo, n'kuibisa kuseri kochapira. Agogo anu, bambo a mayi anu, anali ndi ming'oma ya njuchi kudimba. Ndinawapempha zisa zodontha uchi, ndikuti ndi mankhwala a chifuwa cha odwala. Sindinaname kwenikweni. Lamlungu masana anthu ali kutchalitchi, Zuze anaboola timabowo ndi msomali kunja kwa khoma, ine n'kufinyiramo uchi mpaka unayamba kutsetsereka pa penti. Zisa zotsala tinazikankhira m'kati mwa buloko.

Lolemba dzuwa litakwera, khoma linali bii ndi njuchi. Ndinayamba ndatulutsa odwala onse kuwaika pakhonde lakutsogolo, kutali, ena pamipando ena pamatiresi. Kenako ndinathamangira ku ofesi ndikupuma mwabodza.

“A Shefi, njuchi zamanga m'khoma la Nkhokwe! Uchi ukuchita kutuluka!”

Anabwera mpaka pangodya ya nyumba, osapitirira. Anasuzumira kamodzi, n'kukokera chipewa mpaka m'makutu.

“Zalowa bwanji m'simenti?”

“Njuchi za kuno ndi zina, a Shefi. Za kumapiri.”

Zuze anafika akupukusa mutu ngati munthu woitanidwa pamaliro. Anagogoda khoma, n'kuikapo khutu patali ndi njuchi. “Mfumu yake ili m'kati, pakatikati. Mukaisiya, pofika Khirisimasi zidzatulukira m'kati mwa chipinda. Kenako ofesi.”

“Ofesi?”

“Zimatsata makoma, a Shefi.”

“Ndiye mukudikira chiyani? Gumulani! Gumulani zichoke!”

Ndinatembenukira kwa mlonda ndi amayi ophika amene anasonkhana. “Mwamva nonse? A Shefi alamula.” Onse anavomera. A Shefi anakadzitsekera mu ofesi, n'kutseka ndi mpata wapansi pa chitseko ndi jekete limodzi.

Tinafukiza utsi wa ndowe zouma, njuchi n'kubalalika, Zuze n'kuyamba ndi hamala. Mfumu ya njuchi inali yovuta kuipeza. Tinaifunafuna kumanzere, kumanja, pansi, mpaka bowo linakula ndendende ngati felemu ija. A Shefi atatuluka madzulo anapeza chibowo choti ng'ombe n'kudutsa, ndi zisa ziwiri pambale ngati umboni.

“Tsono titseka ndi chiyani? Simenti kulibe.”

“Mwamwayi, a Shefi,” anatero Zuze, “kuseri kochapira kuli kafelemu kakale kongotayidwa.”

A Shefi anandiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinayang'ana zisa. Mpaka lero sindidziwa ngati anazindikira pomwepo. Anangoti, “Mongoyembekezera,” n'kuchoka.

Felemu inalowa mopendekeka pang'ono, poti Zuze anali atalawa kale za madzulo. Mmene munalibe magalasi tinakhomamo pulasitiki. M'mawa mwake dzuwa linalowa m'Nkhokwe n'kugona pansi pa simenti ngati mphasa. Mayi wina wamphumu anatsika pabedi n'kukakhala pomwepo, miyendo atatambasula. Bedi la a Ngozo ndinalitembenuza kuti liyang'ane kumsewu. Kuseri kwa msewu kunali madimba, kuseri kwa madimba phiri.

Masiku oyamba a Ngozo anali maso kumsewu basi. Ankangoyang'ana njinga iliyonse kuyambira pomwe yatulukira mpaka pomwe yalowera. Mapiritsi ankakanabe. Ndinayamba kuopa kuti ndagumula khoma la Boma pachabe, mwinanso ndawonjeza. Loweruka lina, tsiku la msika, anthu atadutsa onse mpaka msewu kuti zii, anandiitana osatembenuka.

“Bentu.”

“Bambo.”

“Domingo sabwera, eti?”

Ndinafuna kunena “mwina” uja. Koma msewu unali pamaso pathu tonse awiri.

“Sabwera, bambo. Anapita kumzinda.”

A Ngozo anagwedeza mutu. Kenako anati, “Ndinkadziwa. Koma khoma lija linkandithandiza kunama.” Anapukuta m'maso ndi ngodya ya bulangeti. “Waona mitambo iyo pamutu pa phiri? Imeneyo si mvula, ndi yonamiza. Opusa adzala sabata ino, mbewu ziwapsera. Tandipatsa timapiritsi takoto, ndione mmene alirire.”

Anamwa. Ndipo kuyambira tsiku limenelo msewu wonse unalowa m'mavuto. Palibe ankadutsa osalandira mawu. “Iwe wa njingawe, thumba limodzi lokha? Bambo ako ankanyamula atatu!” “Mayi, nkhukuyo mukukagulitsa kapena mukuiperekeza kuchipatala?” Amayi opita kumsika anazolowera kuima pazenera, kupereka moni, kusiya nthochi kapena chimanga chootcha. Ana a shikola ankawafunsa ngati mvula igwe, iwo n'kumalosera, akalakwitsa n'kunena kuti phiri lawanamiza. Odwala ena anayamba kusinthana malo a padzuwa, n'kumakangana za minda ya eni ake yomwe ankaiona, kuti uyu wachedwa kupalira, uyo mizere yake ndi yokhota. Nkhungu ya m'makona inauma. Mbale zinayamba kubwerera zopanda kanthu. Mvula yoyamba itagwa, anaionera pazenera onse pamodzi ngati mpira, ndipo m'mawa mwake ndinapeza mabedi onse ali ndi eni ake. Sindikunena kuti zenera limachiritsa mtima. Mtima wa a Ngozo unali wotha kale. Koma munthu amene akudikira kuona ngati nyemba za mnzake zimere, mankhwala amamwa.

Chaka chachinayi

Chinatiwononga ndi pakhosi pa Zuze. Anakafotokoza nkhani yonse pamowa, akuchita kutsanzira mmene a Shefi anakokera chipewa. Nkhani inayenda ndi malole a mbatatesi mpaka inafika ku Tete, ndipo kumeneko sanaseke. A Shefi anandiitana. Anali atachepa nkhope.

“Bentu, wandisandutsa choseketsa chigawo chonse.”

“Pepani, a Shefi, pa chipewa chokhacho.”

Pakamwa pawo panagwedezeka pang'ono, koma anadzigwira. “Akufuna nkhaniyi itsekedwe. Njira zilipo ziwiri. Upeze wekha mabuloko ndi simenti, utseke bowolo ndi manja ako, khoma libwerere monga pa mapulani. Ine ndilemba kuti zakonzedwa, iwe ukhala. Ukakana, ndilemba kuti wowononga walangidwa, ndipo akusamutsira kumalire, kupitirira Domwe, kumene aliyense amakana.”

“Ndikapita, zeneralo atseka ndani?”

Anayang'ana kudenga. “Chipatala chilibe simenti. Chaka chino kapena chamawa. Ndipo ine pafupi ndi khoma limenelo sindifikapo, kuli njuchi.”

Ndinawamva bwino lomwe. Anandipatsa mpaka Lolemba.

Kunyumba mayi anu anali ndi pakati pa iwe Paulo. Ndinawafotokozera akusenda mbatatesi, ndipo mpeni sunaime.

“Abambo a Selina, mwaboola khoma la chipatala, tsopano mukufuna kuboolanso la nyumba ino?”

“Ndikatseka, mdala uja afa mwezi usanathe.”

“Mukapanda kutseka sadzafa? Ndi bambo anu? Mwana wawo weniweni ali kumzinda akudya buledi, inu mukusiya anu chifukwa cha iwo.”

Ankanena zoona. Kumalireko kunalibe nyumba ya banja, kunalibe shikola, ndipo munda wathu unali kuno. Lamlungu ndinapita kukayang'ana khomalo, ndikuyeza ndi maso kuti pangalowe mabuloko angati. A Ngozo anandiona.

“Ukuyeza chiyani, wakuba uchi iwe?”

“Palibe, bambo.”

“Ndamva zonse, msewu umandiuza. Tseka, mwanawe. Uli ndi ana. Ine ndaona kale zokwanira.” Atatero anatembenukira kunja msangamsanga n'kukalipira mnyamata wina kuti ng'ombe zake zikulowa m'dimba la eni. Pamene ankakalipa, dzanja lawo linali litagwira felemu ija zolimba, ngati mmene mwana amagwirira chitenje cha amake pamsika.

Lolemba ndinauza a Shefi kuti msana ukundipweteka, sindingathe kunyamula mabuloko. Analemba zoti alembe. Tsiku lonyamuka mayi anu anandimangira ufa ndi nyemba panjinga, mfundo zake zolimba kuposa mmene zinkafunikira. Anati, “Pitani. Koma musadzandiuze kuti munachitira ife.” Sindinawauzepo zimenezo, ndipo inunso sindikuuzani.

Zaka za kumalire

Kumeneko kunali zipinda ziwiri: china cha odwala, china changa, chomwenso chinali chosungira mankhwala. Ndinali ndekha, infirimeru, mlonda, wosesa, mzamba zikavuta. Odwala ankachokera mbali zonse ziwiri za malire, ndipo dzuwa likapendeka onse ankabwerera kwawo, ine n'kutsala ndi mphepo. Ndinalibe womuchita chipongwe. Ndinayesapo kumangirira nsapato za mlaliki wina amene anagona pabenchi, koma atadzuka anangondiyang'ana mwachisoni n'kundipempherera. Nthabwala imafuna mnzako woseka naye. Ukaseka wekha m'chipinda chopanda anthu, mawu ako omwe amakuopsa. Ndinkalankhula ndi wailesi mabatire akakhalapo, akatha ndinkalankhula ndi njinga.

Kunyumba ndinkabwera mwezi ukatha, ndipo nthawi yadzinja mtsinje ukadzaza, miyezi inkadutsa. Iwe Paulo unabadwa ine kulibe. Unayamba kuyenda ine kulibe. Tsiku lina nditafika unathawira kuseri kwa mayi ako n'kufunsa kuti, “Amalume awa agona kuno?” Onse anaseka, inenso ndinaseka, poti ndine munthu woseka. Pobwerera ndinakankha njinga mtunda wonse ngakhale potsetsereka. Iwe Selina unkandilandira mwaulemu ngati mlendo wa kutchalitchi, kugwada, kundipatsa madzi, n'kuchoka. Ulemu umenewo sunathe mpaka lero; ndimaumva ngakhale pafoni.

A Ngozo anakhala mpaka kukolola kwa chaka chotsatira. Mlonda ndi amene anandiuza. Akuti anamwalira masana, atatsamira felemu, atangomaliza kuuza munthu wina kuti ngolo yake yapakira mopendekeka igwa pamlatho. Akuti inagwadi. Maliro awo ananyamula ndi amayi a kumsika aja ndi amuna awo. Domingo sanaoneke. Uthenga unandipeza atayikidwa kale.

A Shefi anasamutsidwa kubwerera kwawo kofunda. Amene anabwera pambuyo pawo sankadziwa kuti kumalire kuli munthu wolangidwa. Ankangodziwa kuti kuli munthu wosadandaula, choncho anandisiya. Pamene anandibweza kufupi, inu munali mutapita kale kukaphunzira kutali, ndipo ine ndi mayi anu tinakhala m'nyumba imodzi ngati anthu awiri odikira minibasi ya shapa imodzi, mwaulemu, aliyense ndi katundu wake. Tinayamba kuzolowerananso mochedwa. Chaka chomwe anayambanso kuseka nthabwala zanga n'chomwe anadwala. Zotsatira mukuzidziwa, munabwera kumaliro.

Chaka chino

Ntchito ndinapuma msanga chifukwa cha shuga. Maso anayamba kuona singano ziwiri pomwe pali imodzi. Tsopano chilonda cha kuphazi chakana kupola, tensau nayo yakwera, ndipo andigoneka. Mukudziwa kuti? M'Nkhokwe. Chipatala chinakula, kuli nyumba zina zatsopano, magetsi a dzuwa, koma chipinda cha amuna a matenda osachoka ndi chomwechi. Zenera lilipo, lopendekeka momwemuja. Wina anaikamo magalasi onse n'kulipaka penti yobiriwira. Nditalowa ndinapeza bedi lapazenera lili ndi mwini wake, mphunzitsi wopuma wa mphumu. Ndinamuuza mwachinsinsi kuti bedi limenelo madokotala amaikapo amene ataya nawo mtima. Anapempha yekha kusamuka. Masana ndimamuitana kudzaothera dzuwa, ndiye musandiweruze kwambiri.

Infirimeru wa muno ndi mtsikana wa msinkhu wochepera iwe Selina. Sadziwa kuti ndine yani, amangodziwa kuti ndinagwirapo ntchito ya chipatala. Tsiku lina akunditsuka chilonda ndinamufunsa chifukwa chake zenera ili likusiyana ndi nyumba yonse.

“Akuti kalekale munalowa njuchi m'khomamu, agogo. Zinaluma shefi wina mpaka anathawira ku Tete wapansi.”

“Wapansi? Njuchi zake zinali zoopsa.”

“Akuti zinali zotumidwa.”

“Zimenezo ndiye ndikukhulupirira,” ndinatero. Ndinaseka mpaka anandiopseza kuti andiyezanso tensau.

Kenako anandifunsa, akumanga bandeji, osandiyang'ana: “Koma agogo, tsiku lonse maso kumsewu. Mukudikira ndani?”

Ndinati ndikuwerenga mbuzi. Koma ndinakumbuka mdala uja ndi tcheni cha njinga. Masiku ano pamsewu pamadutsa njinga zamoto ndi mashapa ochokera ku Ulongwe, ndipo shapa ikaima pamtengo wa bulugama ndimaona aliyense wotsika, mpaka womaliza. Zenera ili silinamiza munthu. Ndinalipanga choncho ndine, ndiye sindingadandaule. Ndikudziwa kuti kumene muliko si pafupi: Tete ndi kutali, Beira ndi kutali kwambiri, ndipo ntchito sizipereka masiku. Ndikudziwanso kuti munthu amene anasowa pamene inu munkayang'ana kumsewu alibe pakamwa poitanira. Ndalemba izi kuti mudziwe kumene ndinali zaka zimene zija, ndi chimene ndinasinthanitsa nanu. Mukafunsa ngati ndikanatseka bowolo nditadziwa zonsezi, yankho lake simulikonda. Dzuwa lili pamiyendo panga pamene ndikulemba, ndipo mphunzitsi uja wagona pampando pambali panga, chifuwa chake chili chete.

Ngati mudzabwere, musavutike ndi pachipata. Mlonda wa masiku ano amabwezadi anthu nthawi ikapitirira. Mudzatsike pa bulugama, mudzere kumsewu, muyang'ane zenera lobiriwira lopendekeka. Ndidzakuonani ine musanandione. Ndipo mudzanditengere botolo la uchi, wa zisa zake, osati wosefa wa m'sitolo. Si wakudya, shuga sandilola. Dzulo pondiyendetsa pakhonde ndinasuzumira m'chipinda cha amayi, chomwe anamanga chaka chatha. Timazenera take tili pamwamba penipeni, pafupi ndi denga. Khoma lake ndagogoda kale ndi ndodo yanga. Ndi lobowoka m'kati.